Ndodo ya a Namakhwa

Uthenga wa imfa ya a Namakhwa unandipeza Lachitatu lapitali ndikutsuka mbale za mabala. Woyendetsa thirakitala wina anangosuzumira pawindo la kachipatala kathu n'kunena kuti mdala wa kugaraja uja watisiya m'mawa, kwawo ku Goliati. Ndinayankha kuti ndamva. Atachoka ndinatseka mpopi n'kukhala pa benchi ya odwala manja ali chinyowere, ndipo chimene chinandibwerera m'maso si nkhope yawo ayi, koma nkhongo yawo. Ndinaisoka ndine nkhongo imeneyo, masitichi asanu ndi anayi, m'mawa wina wa Julaye mu 1998.

Ndine namwino pa esiteti ya tiyi ino kuyambira 1994, kwathu ndi ku Ntcheu. Kachipatala kathu kanayang'anizana ndi garaja, pakati pangodutsa msewu wa dothi lofiira, choncho a Namakhwa, amene anali folomani wa amakaniko, ndinkawaona tsiku lililonse, kufuna kaya kusafuna. Ndineneretu kuti sitinkamwerana madzi. Pamaliro aliyense amasanduka mngelo, ndipo mbali imeneyo a mpingo anaigwira kale Lachinayi. Ine ndikufuna ndinene za munthu amene ndinkamudziwa, wouma mutu ngati chitsa cha tiyi, amene anatsala pang'ono kuthamangitsitsa mayi wamasiye pa esiteti pano ndi mawu awiri okha.

Anali wamfupi, wa mapewa aakulu, wa chipewa cha ubweya chimene sankachivula ngakhale mu Okutobala. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, ndipo a Namakhwa ntchito anaiyambira pa kutsuka matayala a mathirakitala a azungu. Sukulu sanapite nayo patali, koma injini ankaimvetsera ngati mmene ife timamvetserera chifuwa cha mwana. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro pakhutu, maso n'kutsinzina, ndipo garaja yonse inkati zii mpaka atsegule maso. Akapsa mtima ankasiya Chinyanja n'kuyamba Chilomwe, moti ine ndinadziwa kutukwana kwa Chilomwe ndisanadziwe moni wake. Masana ankadya okha pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa garaja, atakhalira dilamu la mabuleki a lole, kalongonda ali m'kambale, mpeni wawo wopinda uli pabondo.

Mkangano wathu woyamba unali wa mabala. Makaniko akadzicheka, a Namakhwa ankamuthira mafuta a mabuleki pabalapo, kumanga kansanza, basi ntchito ipitirire. Pofika kwa ine, patatha masiku anayi, dzanja linkakhala litatupa ngati chinangwa chophika. Tsiku lina ndinawoloka msewu n'kukawauza pamaso pa anthu awo kuti akadzapha munthu ndidzakawanenera ndekha kwa bwana. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pa kachipewa kanga koyera.

"A Nesi, inu mumabadwa ine ndikuchiza kale anthu pano."

"N'chifukwa chake ambiri alibe zala, bambo."

Anandinyanyala miyezi iwiri. Koma mafuta aja anasiya, mwakachetechete, ndipo amakaniko atayamba kubwera kwa ine, iwo ankauza anthu kuti lamulo limenelo anaika ndi iwo kalekale. Ndi mmene analili munthuyo. Kusintha ankasintha, koma kunena pakamwa kuti ndalakwa, kapena kuti chinthu ichi chandikanika, bola kuwadula khosi. Injini ikawavuta ankati ikadaganiza, osati iwo alephera.

Chimene aliyense pa esiteti pano amawakumbukira nacho ndi ndodo. Inali ya bulugamu, yowafika pachifuwa, ya kamphanda kunsonga, yakuda bii ndi girizi. Sinali yoyendera, inali yochirikizira. Boneti, chitseko, chilichonse chimene chakwezedwa, ankayamba achirikiza asanalowetse mutu pansi pake, ndipo zolemera ngati ngolo ankaziikira zipika. Ankakonda kunena kuti chinthu chilichonse chimene chili m'mwamba chikungodikira mpata wobwerera pansi, komanso kuti jeki si m'bale wa munthu. Akapeza makaniko walowa pansi pa ngolo popanda chipika, ndodo yomweyo inkagwira ntchito ina pa akakolo ake, olo akhale bambo wa ana asanu. Amene anawadziwa kale amati anaonapo mnzawo ataphwanyidwa ndi ngolo ya masamba jeki itaterereka, ndipo amene anamukoka miyendo anali iwo. Eni ake nkhaniyo sanaikambepo.

Ndiye anthu achilendo akaona chipsera chija m'tchalitchi, komwe kokha ankavulako chipewa, ankadabwa kumva kuti anagweredwa ndi chitseko cha galimoto. Munthu wa ndodo uja? Eetu, yemweyo. Ndodo inalipo tsiku limenelo, anachita kuigoneka pa udzu.

Galimotoyo tinkaitcha Chule. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yothamanga, yotsika moti mimba inkakwekwesa pansi m'misewu yathu ino, ndipo magetsi ake ankatukuka ngati maso akayatsidwa. Kumbuyo inali ndi chitseko chimodzi chachikulu chotsegukira m'mwamba, pafupifupi chonse galasi lochindikala, cholemera kwabasi. Chimene chimagwira chitseko chotere kuti chiime m'mwamba ndi timipope tiwiri todzaza mpweya wopanikizidwa, kena kumanja kena kumanzere, amakaniko amati mashoko a buti. Inali galimoto yakale ya mzungu wina amene anabwerera kwawo, ndipo anaigula ndi a Zimba, manijala wathu, Mmalawi woyamba kukhala m'nyumba yaikulu ya paphiri ija. A Zimba sanali munthu woipa. Kungoti ankadziwa kuti maso onse ali pa iwo, a azungu otsala ndi athu omwe, kudikira tsiku limene adzapunthwe, ndipo pa Chule sankafuna kuona ngakhale ndowe ya mbalame.

Mu Febuluwale chaka chimenecho chitseko chija chinayamba kumatsika chokha pang'onopang'ono. A Namakhwa anakhala nayo galimotoyo masiku awiri, anapita ku Limbe, n'kuibweza mashoko onse awiri ali akuda, akunyezimira. M'buti anaikamo kandodo kosema bwino, kopalapala mpaka kusalala. A Zimba atakaona anakatulutsa ndi zala ziwiri, n'kufunsa ngati galimoto yawo yasanduka matola onyamula kabichi ku Bvumbwe. Anafunsanso ngati chitseko chakonzedwa kapena ayi, pakuti ngati chakonzedwa, ndodo ndi yachiyani. Amakaniko onse anali pomwepo akumvetsera. A Namakhwa anayankha kuti chakonzedwa, ndipo kandodo kanaponyedwa mu dilamu la zinyalala.

Lolemba lina mu Julaye, seveni koloko isanakwane, chifunga chitaphimba minda yonse, Chule anaima pakhomo pa chipatala mabuleki akulira. A Zimba anatuluka atanyamula mwana wawo Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi, yunifomu ili magazi okhaokha. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinali zitaphwanyika. Ndinamanga zimene ndikanatha, n'kuwauza kuti athamangire ku Blantyre. Galimoto itangochoka kunatulukira Felesiya, akuthamanga, wopanda nsapato. Iyeyu ndi amene ankalera Tadala kuyambira ali wakhanda, mayi wamasiye wa ana atatu, wokhala kumalayini, nyumba za antchito za kumunsi kwa fakitale.

Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa.

"A Nesi, chagwa chokha. Ndinakweza, chinaima. Ndinabwerera pakhonde kukatenga botolo la tiyi, mwana anagwira m'mphepete kuti aikemo chikwama. Pobwera ndangofika pambali, chagwa. Sindinachikhudze ine."

Koma a Zimba, amene anali pa chiwongolero nthawi imeneyo, anaona pa kagalasi Felesiya ali pambali pa chitseko, ndipo adona awo anangomva kugunda ali kukhitchini. Kwa iwo nkhani inali yachidule: wantchito anafulumira, anamenyetsa chitseko osayang'ana, tsopano akunama.

Lachiwiri cha m'ma thuu koloko, chifunga chitachoka, dzuwa likuswa mtengo ngati si Julaye, a Zimba anabweretsa Chule kugaraja. Galimotoyo inali itakhala padzuwa panja pa ofesi kuyambira m'mawa. Anaitanitsa Felesiya ndi mkulu woona za antchito, ndipo ine ndinawoloka msewu popanda wondiitana. Anakweza chitseko, chinaima nji. Anamenya denga ndi chikhatho, sichinasunthe. Anatseka, anakweza, anatseka, anakweza, katatu konse. Kenako anatembenuka.

"A Namakhwa, mashoko awa munakonza ndinu. Ali ndi vuto?"

A Namakhwa anazungulira galimoto. Anakhudza shoko lakumanja, lakumanzere sanalikhudze. Anakweza maso kuyang'ana dzuwa. Ndipo ine ndinaona chinthu chimene ena sanachione: poyang'ana m'butimo anachita kusuzumira ali chapatali, mutu sanaulowetse.

"Agwira, bwana."

Mawu awiri aja ndi amenewo. Felesiya anauzidwa pomwepo kuti pofika Lachisanu masana akhale atatuluka m'nyumba ya kampani, thirakitala idzamutula pamsewu wa ku Changata. Amene sanakhaleko pa esiteti sangamvetse. Pano ntchito ndi nyumba n'chinthu chimodzi, sukulu ya ana n'chimodzimodzi. Kwawo ku Changata kamunda ka amayi ake kanali katagawidwa kale pakati pa achemwali ake, kosakwana n'koyala mphasa komwe. Adona anali atatchulaponso za polisi. Ndipo pamwamba pa zonsezo, ndani akanamulembanso ntchito mayi amene anaphwanya zala za mwana womulera yekha, n'kunamanso? Felesiya sanalire, sanagwade. Anangowayang'ana a Namakhwa, munthu wa mpingo wake, mpaka iwo anawerama ngati akufuna sipanala pansi.

Lachitatu sanadye pansi pa mtengo wa mapeyala. Makaniko wina analowa pansi pa ngolo ili pa jeki yokha, iwo anadutsa pambali pake osamuona. Cha m'ma leveni ndinangoona atulukira pakhomo panga, koyamba chiyambire, akuti akufuna mapiritsi a mutu. Ndinawapatsa. Sanachoke.

"Mwana uja zala zili bwanji?"

"Chimodzi chichira. Chinacho akuti sichidzapindikanso."

Anatembenuzatembenuza kapepala ka mapiritsi.

"Ndipo Felesiya wayamba kumanga katundu, bambo," ndinatero, dala. "Ine makina sindiwadziwa. Koma dzulo ndinaona mutu wanu ukuopa chitseko chimene pakamwa panu pankati chagwira."

Ndinkayembekeza Chilomwe chija. Sichinabwere. Anadzuka n'kumapita, mapiritsi anawasiya pa benchi, ndipo ndivomere kuti tsiku limenelo ndinawada munthu ameneyo ndi mtima wanga wonse.

Lachinayi ndi tsiku la sikelo ya ana kumalayini, choncho ndinali komweko masana pamene anatsika ndi ndodo yawo. Anaima pakhomo pa Felesiya, pakati pa mitolo yomanga m'zitenje, miphika italowetsedwa m'ndowa. Sanapepese, sanakhale pansi. Anayamba kumufunsa ngati mmene ankafunsira madalaivala za injini yodwala. Inali nthawi yanji? Chifunga chinalipo? Galimoto inagona kuti? Felesiya ankayankha mwachidule, osawayang'ana, akukulunga mphasa. Inagona pansi pa kadenga kopanda zipupa, malo ake a masiku onse. Pa galasi panali mame. Chitseko chinaima nthawi yoti munthu apite pakhonde n'kubwerako.

"Injini inkalira?"

"Bwana amailiza kaye m'mawa uliwonse kuti itenthe."

"Chinagwa kamodzi, kapena chinayamba chatsika?"

"Chinachita ngati chikupuma, kenako chinagwa."

A Namakhwa anagwedeza mutu. Felesiya anamanga mfundo ya mphasa ndi mano, n'kuwayang'ana koyamba.

"Mafunso amenewa Lachiwiri anali kuti, bambo?"

A Namakhwa anangomuuza kuti mawa sikisi koloko akapezeke kunyumba kwa bwana. Podutsa pamene ndinapachika sikelo anaima, maso ali kumapiri kumene mitambo inali itayamba kuunjikana.

"A Nesi, nanunso mawa sikisi koloko. Mutenge singano ndi ulusi wanu uja."

"Wavulala ndani?"

"Mukamuona komweko."

Madzulo omwewo chiperoni chinatsika, ndipo Lachisanu kunacha kuli kamvula kowaza, kozizira kolowa m'mafupa. Ndinakwera phiri ndi kabokosi kanga. Ndinapeza a Namakhwa ali kale pa geti ndi mlonda, Felesiya ataima chapatali, atafunda chitenje kumutu. A Zimba anatuluka atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, nkhope ili gwa, adona ali pambuyo pawo.

"N'chiyaninso m'mawa uno? Nkhani ija inatha."

"Mphindi zisanu zokha, bwana. Zikatha mundichotse ntchito ngati mukufuna."

Chule anali pansi pa kadenga kaja, galasi lili mame okhaokha. A Namakhwa anagoneka ndodo yawo pa udzu. Anavula chipewa n'kuchipinda m'thumba. Anakweza chitseko mpaka pamwamba, anachisiya, chinaima. Kenako munthu amene anamenya theka la amakaniko a esiteti ino chifukwa cholowa pansi pa zinthu zosachirikiza anagwada pa miyala, pa msinkhu wa mwana, n'kulowetsa mutu m'buti, khosi lili pamwamba penipeni pa m'mphepete.

"Bambo, chimenecho chikhoza kukuthyolani khosi," ndinatero. "Dzukani."

Anandiyankha m'Chilomwe, mawu amodzi mwa aja ndinkawadziwa.

Tinadikira. Madzi ankadontha kuchokera padenga. Chitseko chinali chili chiimire, osagwedezeka n'komwe. Ndinayang'ana Felesiya, milomo yake ikuyenda popanda mawu, ndipo ndinazindikira kuti chikapanda kugwa lero ndiye kuti mayiyu waweruzidwa kawiri, kachiwiriko pamaso pa mboni. Ndinadzipeza ndikupempha Mulungu kuti chitseko chigwere nkhalamba, ine namwino. Mpaka lero manyazi ake sanandichoke.

"Mwaona?" anatero a Zimba. "Chagwira. Dzukani, akulu, mukudzichotsa ulemu."

Mawu anatuluka m'buti muja, otsika.

"Lizani injini, bwana. Ngati Lolemba."

A Zimba anaima, makiyi ali m'manja. Ndikhulupirira kuti pamenepo ndi pamene anayamba kuopa, chifukwa anayang'ana akazi awo.

"Lizani," anatero adona.

Injini yozizira inakhosomola kawiri, n'kugwira, galimoto yonse n'kuyamba kunjenjemera. Poyamba palibe chinachitika. Kenako ndinamva kaphokoso ngati munthu akupumira m'mano, ndipo chitseko chinatsika pang'ono, utali wa chala. Ndinakuwa kuti achoke. Anamva, ndikudziwa kuti anamva, chifukwa ndinaona zala zawo zikugwiritsitsa kapeti wa m'buti. Sanasunthe. Chitseko chinabwera chonse kamodzi, ndipo kugunda kwake kunali ngati nkhwangwa pa chipika chonyowa.

Tinachinyamula ine ndi mlonda. Amene anathamangira ndodo pa udzu n'kuichirikiza pansi pa chitseko anali Felesiya. A Namakhwa anakhala pansi pa miyala, magazi akutsikira m'kolala ya ovolosi, maso akuyendayenda. Nditafika ndi thonje anandikankha dzanja.

"Dikirani kaye, a Nesi. Sindinamalize."

Anakwawira pa galimoto, anatulutsa mpeni wawo uja, anatokosa kachitsulo komangira kumtunda ndi kumunsi, shoko lakumanzere n'kuchoka. Analipala ndi mpeni. Penti wakuda ankachoka ngati khungu la mbatata, pansi pake n'kuoneka chitsulo chakale chadzimbiri, ndipo pakamwa pa kampopeko panali mafuta ouma osakanikirana ndi fumbi. Analipereka kwa adona n'kuwapempha kuti alitsamize pansi alikanikize. Adona anakanikiza ndi dzanja limodzi, linalowa lonse ngati pampu ya njinga.

"Likakhala lamoyo, ngakhale bwana atalitsamira ndi thupi lonse silingalowe choncho," anatero a Namakhwa. Anapuma kaye, n'kupukuta magazi m'khutu. "Ku Limbe ndinapeza limodzi lokha, bwana, la galimoto ya ngozi. Ili ndi lakale lomwe lija, ndinangolipaka penti kuti afanane. Mashoko awa amasinthidwa awiri pamodzi, ndinkadziwa. Kukatentha, mpweya wa m'katimu umakankha mwamphamvu, limodzi limakwanitsa lokha. Kukazizira umafooka, injini ikagwedeza, basi. Lachiwiri munayesa galimoto itaotha dzuwa, injini itazima. Ndinaona zonsezo. Mayiyu sananame. Wonama ndine."

A Zimba anawagwira pa kolala n'kuwadzutsa ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali litafumbata, ndipo mlonda anayang'ana kumbali.

"Dzanja la mwana wanga. Chifukwa cha penti."

"Inde, bwana."

A Namakhwa sanadziteteze, sanatchule china chilichonse. Amene anachitchula ndi adona, motsitsa mawu, akuyang'anabe shoko lili m'manja mwawo.

"Bambo a Tadala, kandodo kaja anakaika m'buti mu Febuluwale kanapita kuti?"

A Zimba anamasula kolala pang'onopang'ono, anakazimitsa injini, ndipo anakhalitsa m'galimotomo chitseko chili chotsegula.

Ndikuwasoka kuchipatala ndinawakalipira mpaka mawu kundithera. Ndinawafunsa ngati ku Goliati kwatha maungu, kapena ngati thumba la mchenga silikanaonetsa zomwezo. Anayankha nkhope ili pa pilo kuti dzungu silinaname Lachiwiri. Anatinso mwana uja anaika dzanja pamenepo chifukwa anthu aakulu anamuuza kuti chitseko chakonzedwa, ndiye wokonzayo nayenso aikepo chake. Kenako anadandaula kuti ndikusoka ngati ndikumanga thumba la makaka, ndipo ndinadziwa kuti sadzafa.

Ufolomani anawachotsa sabata yomweyo. Zaka zisanu zotsalazo anazithera akumata machubu pakona pa garaja, akulamulidwa ndi anthu amene anawaphunzitsa okha kugwira sipanala. Sindinawamvepo akudandaula, ndipo akakolo a anthu anapitiriza kuwamenya ngati kale, folomani watsopanoyo osasiyidwa. Mashoko atsopano, awiri, anachokera ku Joni patatha miyezi iwiri, anaika ndi munthu wina. Koma kuyambira pamenepo m'buti ya Chule munkayenda kandodo, ndipo mlonda amalumbira kuti anakadula ndi a Zimba eni ake. A Zimba atasamutsidwa, Chule anali atafa kale giyabokosi, ndipo anamukankhira kuseri kwa garaja, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, n'kumukhazika pa miyala. Mashoko aja wina anazula. Tsiku limene a Namakhwa ankapuma pa ntchito mu 2003 anakweza chitseko chija n'kuchichirikiza ndi ndodo yawo, ati nkhuku za alonda ziziikiramo mazira, n'kupita kwawo chimanjamanja.

Felesiya sanachotsedwe, nyumba inakhalabe yake, ana anamaliza sukulu pompano. Kunyumba ya paphiri anakana kubwererako ngakhale adona anatsika okha kumalayini kukamupempha, anasankha kukasankhula tiyi ku fakitale. Anthu ankayembekeza kuti akawathokoza a Namakhwa. Sanatero. Akakumana panjira ankapereka moni wa pakamwa pokha n'kudutsa. Nyengo ya mapeyala a Namakhwa ankatumiza thumba kwa ana ake, iye ankalandira, osabweza mawu. Ena ankati mayiyu ndi wosayamika. Ine sindinanenepo zimenezo, chifukwa mitolo ija ndinaiona ndi maso anga.

Lachinayi m'mawa, tikudikira lole ya kampani yotitengera kumaliro, ndinaona Felesiya akulowera kuseri kwa garaja. Ndinamutsatira. Anaingitsa nkhuku imene inali m'buti, anaika phewa pansi pa chitseko, n'kusolola ndodo. Kenako anachitsitsa pang'onopang'ono, akuchilandira ndi thupi lonse, mpaka chinatsala pang'ono kufika, n'kuchimalizitsa ndi zikhatho ziwiri pa galasi. Sichinamveke n'komwe.

Pa lole anakhala pambali panga, ndodo ili pakati pa mawondo. Titadutsa fakitale ndinalephera kupirira.

"Ndiye kuti munawakhululukira, mayi?"

Anayang'ana mizere ya tiyi.

"Masiku atatu aja sindinawaiwale, a Nesi. Ana anga anagona pa simenti, mphasa zitamangidwa. Iwo akudziwa." Anasisita kamphanda ka ndodo ndi chala. "Koma Lachisanu anabwera."

Kumanda anapempha achibale, ndipo adzukulu anaigoneka ndodoyo pambali pa bokosi asanayambe kukwirira.

Dzulo masana ndinawolokanso msewu. M'garaja wailesi inali ikulira, ndipo miyendo ya munthu inali itatulukira pansi pa ngolo yokwezedwa ndi jeki yokha. Ndinamuponda kakolo ndi nsapato yanga yoyera, iye n'kutulutsa mutu kudabwa kuti a Nesi chawalowa n'chiyani. Kuseri kuja kulibe amene amadyerako tsopano. Dilamu la mabuleki lija ladzaza masamba ouma a mapeyala, ndipo udzu wayamba kumera pamene ankapondetsa mapazi. Chule ali pa miyala yake, kufiira kuja kunasanduka ngati njerwa, chitseko chili chotseka koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhuku ija inali ikuzungulirabe kufuna polowera. Pa galasi pali fumbi lochindikala, ndipo m'fumbimo mukuonekabe zikhatho ziwiri za Felesiya, pamene anachigwira kuti chisamenye.